Dzina la pa Mseu

Mu mzinda wa Lusaka muli mseu waukulu umene ucokera ku Longacres, nupitirira pa nyumba za wailesi ya dziko, nudzera pambali pa Kalingalinga kulinga ku Mtendere. M'mbali mwa mseu umenewu mukhala amisiri ambiri. Ena apala matabwa, ena aocherera zitsulo, ndipo mipando, makama, zitseko ndi mafelemu a mazenera ziimikidwa poyera kuti odutsa azione. Dzina la mseuwo ndi Alick Nkhata. Anthu alichula tsiku ndi tsiku pouza woyendetsa basi malo otsikira, koma ambiri a iwo sadziwa kuti mwini dzinalo anali yani.

Mmodzi wa osadziwawo anali mnyamata wina wa Giredi 6 wa m'Kalingalinga. Iye anali kukhala ndi amace pamodzi ndi agogo ace aamuna, nkhalamba ya zaka zoposa 80, amene pa masiku a mphamvu zao anali mmisiri wa matabwa pa mseu womwewo. Mnyamatayo anali kuoloka mseuwo kawiri pa tsiku, popita ku sukulu ndi pobwera, ndipo maganizo ace onse anali pa nsapato zace. Zinali zitang'ambika kumphuno, zala zili pamtunda, koma amace analibe ndalama zogulira zina.

Tsiku lina Loweruka, posesa m'cipinda ca agogo ace, anapeza pansi pa kama cinthu cokulungidwa m'thumba lakale la ufa. Cinali citsulo cozungulira conga sefuliya yopanda cogwirira, ca utoto wa buluu wofifira, ndipo kutsogolo kwace kunali tizitsulo topotokola. Pomwepo anakumbukira anthu aja oyenda ndi wilibala m'makomo, ogula zitsulo zakutha. Anacinyamula m'khwapa naturuka naco mwakacetecete.

Agogo anali khale pa kampando pakhomo, alikuothera dzuwa.

"Ulikupita nayo kuti wailesi ya atate anga?" anafunsa motero.

"Wailesi, Agogo? Ine ndimayesa ndi poto wakutha. Ndimati ndikagulitse kwa a zitsulo kuti ndipezeko ya nsapato."

Nkhalambayo sinakalipe. Inayang'ana mapazi a mdzukulu wace, niyang'ananso citsuloco, niti, "Khala pansi, mdzukulu wanga. Ukamva mbiri yace udzaweruza wekha, ndipo ukafunabe kukagulitsa sindidzakuletsa. Koma yamba wandiuza: mseu uja uoloka m'mawa muli monse, dzina lace nciani?"

"Alick Nkhata, Agogo."

"Nanga Alick Nkhatayo ndani?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Kapena ndi mfumu ina, kapena nduna ya boma."

"Iai. Anali munthu woimba. Ndipo liu lace ndinayamba kulimva m'poto wakutha uli naye m'manjayo."

Nayi mbiri imene mnyamatayo anamva tsiku limenelo.

Wailesi ya ku Lusaka inayamba kulankhula m'caka ca 1941, dziko la Zambia likuchedwa Northern Rhodesia. Inali nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo boma la Angelezi linafuna kuti anthu azimva mbiri ya nkhondoyo ndi ya ana ao amene anapita ku usilikari. Koma panali bvuto. Mau anali kuuluka m'mlengalenga, koma owatola anali owerengeka. Mawailesi a masiku amenewo anali akulu ndi a mtengo wapatali, ndipo ambiri anali kufuna magetsi, amene m'midzi ndi m'makomboni munalibe. Wofuna kumvera anayenera kupita ku Boma, ku misoni kapena ku holo kumene kunaikidwa wailesi imodzi ya anthu onse.

Mkulu woyang'anira za nkhani m'boma limenelo, Harry Franklin, anaganiza kuti pafunika wailesi yaing'ono, yolimba, yoyendera batire, imene munthu wamba angathe kugula. Anafunafuna zaka zingapo, koma eni mafakitale anali kukana, poyesa kuti anthu akuda sadzagula. Potsiriza kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera. Amisiri ace anaika zipangizo za wailesi m'citsulo conga sefuliya, cifukwa cace Azungu anaicha Saucepan Special, ndiko kunena wailesi ya sefuliya. Anatseka mabowo ace ndi kansalu ka waya kuti mphemvu ndi tizirombo tina tisalowe, naipaka utoto wa buluu. Inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace linali masheleni 25, lokhala maola ngati 300. Anthu anaigula zikwi zambiri, ndipo aja anali kukana anacita manyazi.

Atate a nkhalamba ija anali mmisiri womanga nyumba, wocokera ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata. Anali kukhala ku Matero, komboni imene inali itangomangidwa kumene. Mapaundi 5 sanali masewera, pakuti anchito ambiri sanali kulandira ndalama zotere ngakhale pa mwezi wathunthu. Iwo anasunga pang'ono pang'ono miyezi yambiri, nadzimana malaya atsopano, mpaka tsiku lina anafika nayo pakhomo ataimanga pa njinga.

"Ndinali wamng'ono kuposa iwe," anatero Agogo. "Atate anakweza waya pa nsungwi yaitali, naika wailesi pa tebulo panja, napotokola. Poyamba inangoti wee, ngati mphepo ya m'ciphala. Kenaka munaturuka liu la munthu, likulankhula Cinyanja. Amai anagwira pakamwa. Mkulu wina woyandikana nafe anazungulira kuseri kwa tebulo kukaona ngati kwabisala munthu."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomopo sipanasowe alendo. Dzuwa likapendeka, anansi anali kudza ndi timipando tao, ana nakhala pansi pa fumbi. Mwini wailesi anali kuitseka msanga nyimbo zikatha, cifukwa batire linali ndalama. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, imene inali kuchedwa Central African Broadcasting Station, inali kutumikira maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inali kulankhula Cinyanja, Ciwemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingelezi. Anthu anakonda koposa nthawi yochedwa Zimene Mwatifunsa. Munthu anali kulemba kalata yopempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ace, ndipo woulutsa mau anali kuwerenga kalatayo dziko lonse likumva. Motero mnyamata wa ku migodi ya ku Kitwe anatha kulonjera amace ali ku Petauke, ndipo mkazi wa ku Lilongwe anadziwa kuti mwamuna wace ali moyo ku Bulawayo.

Pakati pa mau onse oturuka m'sefuliyamo, liu limene ana ndi akulu anali kulidikira linali la Alick Nkhata.

Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Pa nthawi ya nkhondo anapita ndi asilikari ku Burma, dziko lakutali la ku Asia. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anayenda maiko ambiri a Africa kujambula nyimbo za makolo. Pa maulendo amenewo Nkhata anaphunzira kumvetsera. Anaona kuti nyimbo ya amai a pamtondo, ya asodzi m'bwato, ya alenje pobwera ku uzimba, iri ndi luso lace losacepera nyimbo za m'mabuku a Azungu. Pambuyo pace analowa nchito ku wailesi ya ku Lusaka monga woulutsa mau ndi womasulira, nayambitsa kagulu ka oimba. Patapita zaka panabadwa gulu lochedwa Lusaka Radio Band, limene pambuyo pace linachuka ndi dzina lakuti Big Gold Six.

Kodi catsopano cimene munthu ameneyu anacita nciani? Masiku amenewo anthu ambiri ophunzira anali kuyesa kuti kutsogola ndiko kutaya zonse za kumudzi. Wofika m'tauni anali kucita manyazi ndi ng'oma ya kwao, nathamangira mbale za galamafoni zocokera ku America ndi ku Johannesburg. Ena, makamaka akulu, anali kunena kuti gitala ndi cida ca anthu osokonezeka. Nkhata sanatsate awa kapena awo. Anatenga nyimbo za kumudzi, naziika pa gitala, nazikonza kuti mau a anthu atatu kapena anai azigwirizana bwino, nazibweza kwa eni ace kudzera m'wailesi. Anapekanso zace zonena za moyo wa m'tauni: za cikondi, za ndalama zosakhalitsa m'thumba, za mowa, za anthu oiwala kwao. Anaimba m'Ciwemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, kotero kuti Mcewa wa ku Matero anaphunzira nyimbo ya Awemba, ndipo Muwemba wa ku Mufulira anaimba ya Ansenga. Anchito a wailesi anali kupitanso m'midzi ndi galimoto la makina ojambulira mau, ndipo nyimbo zambiri zimene zikadafa pamodzi ndi eni ace zinasungidwa.

"Usiku wina," anatero Agogo, "munaturuka nyimbo ya kwathu kum'mawa, imene amai anali kuimba posinja. Amai anaimirira, nayamba kuyankha wailesi monga ayankhira mnzao pamtondo, misozi iri mbwe. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti za kwathu si zocititsa manyazi."

Apa nkhalambayo inakhala cete nthawi yaitali, ndipo mnyamatayo anayesa kuti nkhani yatha. Koma inapitiriza ndi liu lotsika.

"Pali cina cimene sindinauzepo munthu. Ine ndinamlakwira munthu ameneyu."

M'caka ca 1953 boma la Angelezi linalumikiza maiko atatu aja kukhala Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu akuda anacikana kolimba, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula ndi anzace a African National Congress, cifukwa anaona kuti mphamvu zonse zidzakhala m'manja mwa Azungu a ku Salisbury. Mitima inali m'mwamba, ndipo pa nthawi yotere mabodza amera ngati bowa. Kunamveka mphekesera za banyama, anthu amene ankati agwira anzao usiku ndi kuwapopa magazi. Popeza wailesi inali ya boma, ndipo oulutsa mau anayenera kuwerenga nkhani zimene boma lawapatsa, ngakhale zoyamikira Citaganya, anthu anayamba kunena kuti anchito a wailesi anadzigulitsa, ndipo ali m'gulu la banyama. Ena a iwo anaopsyezedwa, nayenda ndi mantha m'makomboni momwe anali kukhala. Peter Fraenkel, amene anagwira nao nchito, analemba za masiku amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi, loturuka m'caka ca 1959.

"Kodi zinali zoona, Agogo?"

"Bodza lokhalokha. Palibe munthu anaonapo banyama ndi maso ace. Ali yense ankati wamva kwa mnzace. Koma atate anacita mantha, natsitsa waya uja, nabisa wailesi pansi pa kama miyezi ingapo. Ndipo ine, mwana wa zaka 10, ndinapita ku sukulu ndi kuuza anzanga kuti ngakhale woimba uja ali m'gulumo. Ndinanena monga ndaona ndekha, cifukwa ndinafuna kuti anzanga andiyese wodziwa zinthu. Munthu amene anasangalatsa amai anga, ine ndinamdetsa dzina popanda cifukwa. Iye sanandidziwe, ndipo sanamve mau anga, koma bodza likula ndi pakamwa pa ana ndi akulu omwe, ndipo pakamwa panga panali pamodzi mwa izo. Ukamva mbiri yoipa ya munthu, mdzukulu wanga, yamba wafunsa amene anaona."

Mphekeserazo zinazilala, waya unakweranso pa nsungwi, ndipo Nkhata sanaleke kuimba. Zaka zotsatira zinaonetsa kumene mtima wace unali, pakuti pofika m'ma 1960 anali kuimba nyimbo zolimbikitsa anthu pa kufuna ufulu. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina lakuti Zambia, Kenneth Kaunda nakhala Pulezidenti woyamba. Nkhata anakhala mmodzi wa akulu oyang'anira wailesi ya dziko latsopanolo, nagwiranso nchito ya boma yosamala miyambo ndi maluso a anthu. M'caka ca 1974 anapuma pa nchito, nakakhala pa munda wace kufupi ndi Mkushi.

Imfa yace inali yomvetsa cisoni. Masiku amenewo Zambia inali kusunga anthu omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo ina ya misasa yao inali ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi ku Mkushi. M'mwezi wa October 1978 asilikari a boma la Ian Smith la ku Rhodesia anadza ndi ndege naphulitsa misasayo, napha anthu ambiri. Alick Nkhata anafa pa ciwembu ca ku Mkushi, ali ndi zaka 56. Munthu amene anabwera wamoyo ku nkhondo ya ku Burma anafera kwao, pafupi ndi munda wace.

"Ndinamva mbiriyo ndiri kupala citseko pa mseu uwu," anatero Agogo. "Ndinaika pansi cipangizo canga, ndipo tsiku limenelo sindinagwirenso nchito."

Nanga munthu wotere asiya ciani? Sanasiye migodi kapena nyumba zazitali. Anasiya nyimbo, ndipo zina za izo zinasonkhanitsidwa ndi kuturutsidwanso ku London m'caka ca 1991 pa dzina la imodzi mwa izo, Shalapo, liu la Ciwemba lotsazikira munthu wotsala. Anasiyanso njira. M'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo oimba a kalindula ndi ena amene anachuka pambuyo pace anayenda m'njira yolambulidwa kale: kutenga za kumudzi ndi kuziimba ndi zida zatsopano, m'cinenero ca eni dziko. Mwana wa lero akatsegula wailesi namva Cinyanja kapena Ciwemba, sadabwa konse, ayesa kuti zinali cotero cikhalire. Koma panali anthu amene anayamba, pa nthawi imene ambiri anali kukayika. Ncifukwa cace nkoyenera kuti nyumba za wailesi ya Zambia ziri pa mseu wa dzina lace.

Agogo atatha kulankhula anabweza citsulo cija m'manja mwa mdzukulu wao.

"Siilankhulanso," anatero. "Mabatire ace analeka kupangidwa kale, ndipo za m'kati zinadyeka ndi dzimbiri. A zitsulo akakupatsa ndalama yosakwana ngakhale nsapato imodzi. Komabe mapazi ako ndawaona. Cita cimene wafuna."

Mnyamatayo anaiyang'ana wailesiyo nthawi yaitali. Kunja kwa mpanda kunamveka kulira kwa wilibala ndi liu la wogula zitsulo, likuyandikira, kenaka likupitirira. Iye sanaimirire. Anatenga kansanza napukuta fumbi, nakaika wailesiyo pamwamba pa kabati m'cipinda cocezera, pamene munthu ali yense wolowa angaione.

Za nsapato zinatha mwa njira yina. Manja a Agogo anali kunjenjemera, osatha kugwira sowo, koma maso ndi nzeru zinalipo. Anatuma mnyamatayo kukapempha zidutswa za matabwa kwa amisiri a pa mseu, amene ena a iwo anaphunzira nchito kwa nkhalamba yomweyo. Agogo anali kuloza, mdzukulu nadula ndi kukhoma. Kampando koyamba kanapendama, ndipo anakaphwasula. Kaciwiri kanaima bwino. Atagulitsa timipando tinai, anagula nsapato za salaula, zazikulu pang'ono, koma zosang'ambika.

Usiku wina mnyamatayo anabwereka foni ya amace, nakhala pafupi ndi agogo ace, nati, "Agogo, imbani nyimbo ija amai anu anali kuimba posinja. Ndifuna kuijambula."

Nkhalambayo inaseka, nikana, nibvomera. Liu linali lofooka, ndipo pakati pa nyimbo inaima, cifukwa mau ena anali ataiwalika. Inayesa kawiri ndi katatu, koma sanabwere. Panalibenso wina wamoyo womfunsa. Anajambula mbali imene inatsala, ndi nyimbo zina zitatu, ndipo mnyamatayo analemba mau ace kumapeto kwa kope lace la Cinyanja.

M'mawa mwace, pofika pa mseu, anaima pang'ono kudikira kuti magalimoto adutse. Mnzace wa m'kalasi anamkoka dzanja kuti afulumire.

"Taima," anatero mnyamatayo. "Kodi iwe udziwa kuti Alick Nkhata anali yani?"

Mnzaceyo anapukusa mutu. Anaoloka pamodzi, ndipo mnyamatayo anayamba kumuuza za sefuliya ya buluu.